Amayi Amayambira Pakhomo

Lolemba, 4 Meyi

Andigoneka lero masana, wodi ya amayi, bedi lakumapeto kwenikweni, pafupi ndi windo loyang'ana kumene amayanika zochapa. Ndayamba kulemba chifukwa adokotala amalankhula mothamanga, ndipo ine zinthu zosalemba zimandisokonekera. Ngakhale kushopu kwanga sindidula nsalu ya munthu ndisanalembe muyeso wake.

Matenda ndi chotupa cha m'chiberekero, chimene chakhala chikunditayitsa magazi kuyambira chaka chatha. Andiyeza, magazi ali pa 7. Adokotala a magalasi ati munthu wamkazi amayenera kukhala pa 12. Opaleshoni ichitika, koma pafunika mabotolo awiri a magazi: limodzi andiike ndisanalowe ku fiyeta, lina lidikire pambali. Chovuta n'chakuti magazi anga ndi a mtundu wosowa, O negetivi. Mufiriji ya chipatala muli botolo limodzi lokha.

Mankhwala: piritsi lofiira loonjezera magazi m'mawa, awiri oyera ochepetsa kutaya magazi katatu pa tsiku. BP 140/90.

Makina osokera ndawafunditsa nsalu, shopu ndakiya. Ndikuopa.

Lachiwiri, 5 Meyi

Sikani m'mawa. Chotupa akuti n'chachikulu kuposa chibakera cha mwamuna.

Pabedi loyandikana nane pali mayi wa shuga, ali ndi bala kuphazi lomwe likukana kupola. Wodi yonse imamutcha Wailesi, ndipo iye amavomera. Watha mwezi kuno. Akudziwa matenda a aliyense, ndi amuna a anamwino omwe.

Amayi anabwera nthawi yoonera odwala. Ndilembe bwino apa. Sanabwerere ine, amabwera tsiku lililonse, ine ndidwale ndisadwale. Ali ndi zaka 81. Ndiwo anayambitsa gulu loyendera odwala m'tauni yathu ine ndili kamwana, ndipo mpaka lero amavala duku labuluu la gululo, basiketi kudzanja lina, ndodo kudzanja lina. Lamulo lawo ndi limodzi: umayambira pakhomo, sudumpha bedi, suyang'ana kuti wagona apa ndi ndani. Amati ukadumpha munthu wamuuza kuti si munthu.

Ndinawaona akulowa. Anayambira pakhomo. Uyu amukonzera pilo, uyu amumwetsa madzi, uyu amuimbira foni abale ake. Belu lotulutsa alendo linalira asanafike n'komwe pakati pa wodi. Anandikwezera dzanja ali patali, n'kutuluka.

"Aja ndi Amayi Komiti," anatero Wailesi. "Mukawaona apo ndi chitsulo. Mukuwadziwa?"

"Ndi amayi anga."

"Tonse ndi amayi athu."

"Ine anandibereka."

Anandiyang'ana, anayang'ana loka yanga, kakabati ka pambali pa bedi, yopanda kanthu pamwamba, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ha! Kalipentala amakhaliradi chitini."

Lachitatu, 6 Meyi

M'mawa wamwalira gogo wa pabedi loyang'anana ndi bafa. Atamutenga, wokolopa anachotsa nsalu zonse, anatsuka matiresi ndi mankhwala onunkha, n'kuwapinda pakati. Wailesi akuti kuno ndi momwemo. Munthu akatulutsidwa amangosintha nsalu, koma ukaona matiresi opinda usafunse.

Mlongo wanga, dalaivala wa lole, wachokera ku ulendo n'kupita molunjika ku labu. Magazi athu agwirizana. Wapereka botolo, ndiye akwana awiri. Anafika ku wodi atapinda mkono, thonje lili pamtsempha.

"Achemwali, awa ndi magazi a dalaivala. Mukachira musamathamangitse makina, mungathyole masingano."

"Wadya?"

"Mwayambatu. Wodwala ndinu."

Ndinamulera ndine mwana ameneyu, n'chifukwa chake funso limenelo limangotuluka lokha. Wandisiyira buledi, mazira owiritsa ndi sopo. Mawa abwerera kumsewu.

Adokotala ati mawa andijambula pachifuwa, madzulo andiika botolo loyamba, Lachisanu opaleshoni.

Amayi lero anafika pa mayi wa mphumu, pafupi ndithu ndi ine. Belu.

Lachinayi, 7 Meyi

Opaleshoni kulibe.

Ndilemba mwadongosolo kuti ndisaonjezere. Chakumasana anandikankha pa njinga ya odwala kupita kojambula. Kunali mzere, makina anavutanso, ndinabwerako nthawi ya alendo itatha. Ndinadikira magazi aja mpaka madzulo. Nditafunsa, namwino wina wamfupi anayamba kukonza diripu ya munthu wina yomwe inkayenda bwinobwino. Kenaka anabwera n'kukhala m'mphepete mwa bedi langa.

Akuti ku wodi yochilira mtsikana wina anataya magazi ambiri atabereka, ndipo mtundu wake ndi wanga womwewu. Adokotala anathamangira kuno kudzandipempha mabotolo aja, popeza limodzi linaperekedwa m'dzina langa. Sanandipeze. Anapeza Amayi akuyendera odwala.

"Anati bwanji?"

"Mayi, ine ndisakhale wodanitsa anthu."

"Nenani mmene ananenera."

"Anati, 'Tengani onse awiri. Ameneyo ndi mwana wanga, ngwolimba, adikira.'"

Mtsikanayo ali moyo. Ndathokoza Mulungu, ndipo sindikunama. Koma kojambula si kutali. Akanatuma munthu.

BP 165/100. Andionjezera piritsi laling'ono lachikasu.

Lachisanu, 8 Meyi

Lero likanakhala tsiku lake. Andibweretsera tiyi ngati wina aliyense. Adokotala ati aitanitsa magazi ku mzinda, koma mtundu uwu sangalonjeze tsiku. Mlongo wanga sangaperekenso mpaka patapita miyezi itatu.

Wailesi wakhala akundifotokozera ntchito za Amayi ngati ndine mlendo m'tauni muno. Mpope wa pamsika, Amayi. Kamlatho kamene ana amaolokera popita kusukulu, Amayi anakakhala pakhomo la ofesi m'mawa uliwonse mpaka abwana anatopa nawo n'kumanga. Mabenchi a pachipatala pano. Mitembo yopanda abale amasambitsa okha.

"Mwana wa mchemwali wanga anamubwezera kusukulu ndi iwowa, atamupeza akugulitsa mazira pasiteji. Pano ndi mphunzitsi. Inu mwadala, amnzanga."

Zonsezo n'zoona. Ndikudziwanso zina zimene Wailesi sakudziwa, monga nsapato zimene anang'amba poyenda ndi malungo amene anadwala ali chilili pamsonkhano. Koma chaka chimene ankayenda khomo ndi khomo kubwezera atsikana kusukulu ndi chaka chimene bambo anamwalira, ndipo ine ndinasiyira Sitandade 6 kuti ndiziphikira mlongo wanga ndi kulonda nyumba. Ankati ndidzabwerera chaka chamawa. Masamu ndinkakhoza.

Amayi amakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga wakowako ngwa ndani?

Loweruka, 9 Meyi

Odwala angapo atulutsidwa, ndiye lero Amayi anafika. Anaika basiketi pansi, anandigwira pachipumi monga amachitira aliyense. Pampando wa alendo sanakhale. Amati ukakhala pansi miyendo imakana kunyamuka.

"Mwananga, wagona bwanji?"

Aliyense muno ndi "mwananga".

"Magazi anga munapereka."

"Sanali ako. Anali a mlongo wako ndi a chipatala."

"Anaperekera ine."

"Ukanakana?"

"Sindikanakana."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Mukanandifunsa, Amayi."

"Munthu akufa, tiyambe msonkhano?"

"Misonkhano mumaikonda."

Wailesi anafunda bulangete mpaka kumutu.

Amayi anakonza nsalu yanga kumapazi, ngakhale inali yokonzakonza. Kenaka anati, "Iwe sunandivutepo chibadwire. Ndikamachoka panyumba sindicheuka, ndimadziwa kuti ulipo."

Ankaganiza kuti akundiyamikira. Belu linalira, anatola basiketi.

Lamlungu, 10 Meyi

Ndataya magazi ambiri. Jakisoni, diripu. Magazi pa 6. Chizungulire. Sindingakhale tsonga.

Lolemba, 11 Meyi

Pa 5.8. Mtima ukuthamanga. Wandisambitsa ndi namwino wamfupi.

Amayi sanabwere. Wodi yonse ikufunsa ine.

Lachiwiri, 12 Meyi

Sanabwerenso. Kwabwera amayi awiri a gulu lawo, maduku abuluu. Anayambira pakhomo.

Mlongo wanga waimba ali kumsewu. Akuti Amayi akuyenda tauni yonse ndi ndodo yawo, khomo ndi khomo, kutola anthu kuti akayezetse mtundu wa magazi. Akuti ku labu kuli mzere mpaka pabwalo: ogulitsa nyama, ometa tsitsi, akwaya, okonza njinga. Bambo wina anathawa singano, Amayi anakamupeza kumbuyo kwa chimbudzi.

"Mwaona, achemwali? Akukufunirani zabwino."

Ndinati ndaona. Atadula foni ndinalira pang'ono. Ngakhale ine andisandutsa komiti.

Mpando wa alendo wa pabedi langa ndamubwereka Wailesi, akutsamirizapo phazi lake lodwala. Ungokhaliranji.

Lachitatu, 13 Meyi

Ndapezako mphamvu. Ndadya dzira ndi theka la buledi wa tiyi.

Pa anthu onse aja apezeka awiri a mtundu wanga: mmisiri wokonza njinga ndi mtsikana wina wa kupositi. Botolo lachitatu lafika kuchokera ku mzinda. Adokotala ati awiri andiika, limodzi lidikira opaleshoni. Ndawafunsa ngati angalembepo dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu. Anaseka. Ine sindinaseke.

Amayi abwera lero, akutsimphina kuposa kale. Nthawi yomweyo kunalowa apongozi ake a mtsikana wobereka uja, ndi thumba la malalanje, kudzathokoza. Anafunsa Amayi Komiti. Anawagwira manja onse awiri, akulira, akuti mwana wathu mwamupatsa moyo ndinu. Ine sanandifunse, ndikhulupirira sanauzidwe.

Amayi sadya za mphatso. Anati malalanjewo agawidwe kwa odwala, kuyambira pakhomo. Lomaliza linagwera Wailesi.

Analisenda mwakachetechete, chinthu chachilendo kwa iye, n'kundipatsa theka lalikulu.

"Idyani, amnzanga. Magazi anu awa."

Lachinayi, 14 Meyi

Botolo loyamba. Linayamba kudontha m'mawa, latha masana. Mkono unazizira, ndinanjenjemera pang'ono, namwino wati zimachitika. Kutentha kwa thupi 37.4. Ndinayang'ana dontho lililonse.

Wailesi akuti magazi amenewa ndi a wokonza njinga uja, mawa ndiyamba kupopera anthu matayala.

Lachisanu, 15 Meyi

Botolo lachiwiri. Palibe vuto. Ndayenda ndekha mpaka kubafa.

Amayi anafika pakati. Belu.

Loweruka, 16 Meyi

Magazi pa 9. Opaleshoni Lachiwiri.

Kwabwera bambo wogonetsa anthu ku fiyeta. Anandiyang'ana m'kamwa, anafunsa ngati ndili ndi mano oikirira, anamvetsera mtima nthawi yaitali. Ndinamufunsa ngati pali ena amene sadzuka. Anati ochepa kwambiri. Ndinafunsa ngati ochepawo amakhala a magazi otsika ndi BP yokwera. Anati mayi, muzigona.

Ndalongosola zinthu. Kiyi wa shopu ali m'thumba lam'kati la chikwama. Diresi ya ukwati ya mwana wa aneba yatsala mpendero wokha.

Ndili ndi zaka 52, koma chimene ndikufuna n'chamwana. Ndikufuna Amayi akhale pampando, pafupi nane, kuyambira belu lolowa mpaka belu lotuluka, kamodzi kokha ndisanagonekedwe patebulo lija. Kuwapempha sindingathe. Andiyankha kuti nanga enawa.

Lamlungu, 17 Meyi

Mayi wa pabedi loyamba, la pakhomo, atulutsidwa mawa m'mawa. Ndapempha namwino wamfupi kuti andisamutsire pamenepo.

"Pakhomo pamazizira, mayi. Ndiponso matrole onyamulira odwala amakudzutsani."

"Ndikudziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunsenso.

Wailesi wakwiya. "Mukundithawa? Ndakudyetsani lalanje ine! Munthu wamkulumkulu kukabisalira mayi ake pakhomo ngati wapolisi wa pamsewu."

Ndinamuuza kuti lamulo ndi lawo, ine ndangoliwerenga bwino.

Lolemba, 18 Meyi

Ndilemba zonse, ngakhale dzanja latopa.

Anandisamutsa m'mawa. Bedi la pakhomo lili kuseri kwa chitseko chikatsegulidwa. Matiresi anga akale anali atathimbirira ndi magazi a tsiku lija, ndiye wokolopa anachotsa nsalu, anawatsuka ndi mankhwala onunkha aja, n'kuwapinda pakati kuti aume. Ndinaona ali kuchita zimenezo, koma sindinaganize kanthu. Maganizo anga anali pa belu.

Ndinapesa tsitsi. Ndinakoka mpando kuuika pafupi.

Belu litalira alendo anakhamukira mkati. Amayi analowa pambuyo, duku labuluu, basiketi, ndodo. Ndinakonza pakhosi kuti ndiwapatse moni. Sanacheuke. Anandidutsa. Anadutsa bedi lachiwiri, lachitatu. Mayi wa mphumu anawaitana, sanamumve. Ankayenda molunjika pakati pa wodi, ndodo ikugogoda pansi, ndipo anthu anayamba kusiya kulankhula, chifukwa chiyambire gulu lija palibe anaonapo Amayi Komiti akudumpha bedi.

Ankapita kumapeto. Kwa ine.

Atafika anaima. Panalibe nsalu, panalibe chikwama changa, loka ili pululu, matiresi opinda. Amayi aona matiresi opinda ambiri kuposa namwino aliyense pachipatala pano. Nthawi zonse amangomanga duku bwino n'kufunsa kuti abale auzidwa kodi.

Basiketi inagwa. Ndodo inagwa. Anakhala pansi, pasimenti, miyendo ali tambalale ngati mwana.

"Kabatani!"

Ndilo dzina limene ankanditchula ndili wamng'ono, chifukwa ndinabadwa wochepa kwambiri. Ndinalimva komaliza bambo ali moyo. Ndinkaganiza kuti analiiwala.

Ndilembe zoona. Sindinayankhe msanga. Mawu ndinali nawo, mphamvu ndinali nazo. Ndinafuna ndilimve kachiwiri.

"Kabatani, mwana wanga ine! Ndamupha ndekha!"

Wailesi ndiye anakuwa, wodi yonse kugwedezeka. "Ali moyo, agogo! Ali moyo! Wasamukira pakhomo kukakudikirani! Inunso amnzanga, tayankhani, mufuna tiike maliro awiri?"

Anamwino awiri anawadzutsa n'kubwera nawo atawagwira m'khwapa. Sindinkadziwa kuti ndi opepuka chomwecho. Duku linali litapendekeka, imvi zili pamtunda. Anawakhazika pampando uja. Anandigwira nkhope, makutu, mapewa, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo.

"Ukutani pano?"

"Mumayambira pakhomo."

"Lero ndinati ndiyambire kumapeto."

"Mwaswa lamulo."

"Sindinaswe. Ndangolitembenuza."

Ndinawakonzera duku. Bulauzi imene anavala ndinasoka ndine, ndipo ndinaona kuti yayamba kuwakulira m'mapewa.

Patapita nthawi anati, "Za magazi zija, zitabweranso ndikhoza kuchita chimodzimodzi."

"Ndikudziwa."

"Koma ndikanatuma munthu."

Za sukulu sanatchule. Inenso sindinatchule. Zimenezo zikadali pamene zinali.

Mayi wa pabedi lachiwiri anapempha madzi. Ndinamva thupi la Amayi likuyamba kunyamuka lokha. Ndinagwira mkono wa bulauzi yawo. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana mayiyo. Kenaka anaitana mlendo wina amene ankadutsa.

"Bambo inu, tampatseni madzi uyo. Ine ndili ndi wodwala."

Belu lotuluka linawapeza pampando. Namwino wamfupi anabwera n'kunena kuti Amayi, nthawi yatha, ndipo lamulo la belu munalipempha ndinu nomwe. Amayi anati akudziwa, akawasumire ku komiti. Anakhalabe mpaka dzuwa litapendeka, pamene mwana wa aneba anabwera kudzawatenga.

Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa. BP 135/85. Botolo lili mufiriji, ndatuma namwino kukaliona.

Lachitatu, 20 Meyi

Ndadzuka. Chotupa achotsa pamodzi ndi chiberekero. Botolo lija linagwira ntchito. Ululu. Jakisoni katatu. Madzi pang'onopang'ono ndi sipuni.

Lachinayi, 21 Meyi

Andiyendetsa mpaka pawindo. Ndinaima pa Wailesi. Akuti ndikuyenda ngati ndasenza mtsuko wodzaza. Phazi lake layamba kuuma.

Mlongo wanga akuti tsiku la opaleshoni Amayi anakhala pabenchi la kunja kwa fiyeta mpaka ananditulutsa. Akuti ali pomwepo anapeza kuti benchilo likugwedera, ndipo akalipentala aitanidwa kale.

Lachisanu, 22 Meyi

Magazi pa 9.5. Bala ndi louma. Ulusi achotsa sabata yamawa. Ndauyang'ana, wosokayo dzanja lake ndi labwino, koma mizere yatalikirana.

Amayi anabwera. Anayambira pakhomo, ndiye pa ine. Anandigwira pachipumi.

"Mwananga, wagona bwanji?"

Anandikonzera pilo, anandisendera nthochi. Pampando sanakhale. Nthawi imene anatha pa ine ndi yomweyo imene anatha pa mayi wa pabedi lachiwiri, ndinaonetsetsa. Dzina lija sanalitchulenso.

Akutuluka, belu litalira, ndinawafunsa kuti mawa ayambira kuti.

"Pakhomo. Nanga n'kuyambira kuti?"

Adokotala ati odwala amene akupezako bwino amawasunthira mkati, bedi la pakhomo ndi la ofuna kuyang'aniridwa pafupi. Ndauza namwino wamfupi kuti chizungulire sichinathe.